Mafuta a nsatsi omwa: m'mimba agwira ntchito, kumutu ayi

Ndikuwapatsa nyenyezi ziwiri mwa zisanu, ndipo ziwirizo ndi za kudzola. Za kumwa pofuna kuti tsitsi likule sindikuperekapo ngakhale imodzi.

Ndinagula botolo la mamililita 100 m'sitolo ina yogulitsa mankhwala mu tauni ya Lilongwe. Pabotolo analemba kuti castor oil, cold pressed (ofinyidwa popanda kutenthetsa), ochokera ku India, komanso kuti ngoyenera kumwa. Sindinadabwe kuona India chifukwa mafuta a nsatsi ambiri apadziko lonse amachokera kumeneko, makamaka chigawo cha Gujarat. Chimene chinandipititsa kukagula ndi tsitsi la m'mbali. Nditachira mwana wachiwiri linayamba kuthothoka, ndipo nditawonjeza ndi kuluka kwa kusaluni, pamphumi panayamba kubwerera m'mbuyo mpaka duku linasanduka yunifolomu. Pagulu lathu la amayi pa WhatsApp nkhani inali imodzimodzi: kudzola kokha sikukwanira, muzimwa sipuni imodzi tsiku lililonse, mafutawo amadyetsa tsitsi kuchokera m'kati, amatsuka m'mimba, amayeretsa khungu. Pa TikTok ndiye osanena, atsikana akupukusa tsitsi lofika m'chiuno botolo lili m'manja.

Katundu yekhayo ndilibe naye mlandu. Botolo linali lomatidwa bwino, deti yothera ntchito ikuoneka, mafuta ake oyera mopita kuchikasu, opanda zinyalala pansi. Ngolemera ndiponso onanda ngati uchi wa m'nyengo yozizira, moti ukapendeketsa botolo umachita kudikira kuti atsike. Fungo si lamphamvu. Vuto lili pakamwa. Sawawa, satsekemera, koma amamatirira kukhosi ndi kumano, ndipo ukageya masana umawamvabe. Ndinayesa kutsirako tiyi wamandimu pambuyo, ndinayesa kusakaniza ndi juwisi wozizira. Juwisiyo amathandizako, koma mafuta amayandama pamwamba, ndiye amene amayamba kukulonjera ndi omwewo.

Ndinayamba ndi sipuni ya tiyi, m'mawa ndisanadye. Masiku oyamba m'mimba munkangolira, kuchimbudzi n'kumapita mofewa. Anzanga aja atamva anati sipuni ya tiyi ndi ya ana, ndikweze ifike yaikulu ija yodyera phala. Apa m'pamene mafutawa anandionetsa ntchito yake yeniyeni. Ndinamwa cha m'ma sikisi, n'kukwera minibasi ya ku Area 25 kupita kuntchito. Panjira panalibe chovuta. Nthawi ya tiyi isanakwane m'mimba munapotokola, kupotokola kwake koyambira pamchombo n'kutsika, thukuta lozizira lili kamukamu pamphuno, miyendo ili zii. Tsiku limenelo kiyi wa kuchimbudzi cha kuofesi anakhala m'thumba mwanga, ndipo mayi amene amatikonzera muofesi anafika pondifunsa motsitsa mawu kuti, “Achemwali, mwadya chiyani kodi?” Pobwerera ndinakhala pampando wa kukhomo, maso ali pa siteji iliyonse. Madzulo mutu unkawawa, milomo itauma gwa.

Zimenezi sikuti botolo langa linali loipa. Ndi mmene mafuta a nsatsi amagwirira ntchito mwa aliyense. Pafupifupi magawo 90 pa 100 a mafutawa ndi asidi wotchedwa ricinoleic acid. Akafika m'matumbo aang'ono, thupi limawagaya n'kumasula asidiyu, iyeyo n'kumakodola minofu ya matumbo kuti izifinya mofulumira, madzinso n'kumachuluka m'matumbomo. Mu 2012 akatswiri a ku Max Planck Institute ku Germany anapeza malo enieni amene asidiyu amagwira pa minofu ya matumbo, otchedwa EP3, ndipo anapezanso kuti malo omwewo alipo pa minofu ya chiberekero. Nthawi zambiri zimayamba pakadutsa maola 2 mpaka 6. Bungwe la FDA, loona za mankhwala ndi zakudya ku America, limavomereza mafutawa ngati mankhwala otsegula m'mimba kwa munthu wodzimbidwa, mlingo wa wamkulu ndi mamililita 15 mpaka 60 kamodzi, ndipo si akumwa kupitirira sabata. Sipuni yaikulu ija ndi mamililita 15. Kutanthauza kuti zimene timauzana pagulu kuti ndi chakudya cha tsitsi, ndi mlingo wathunthu wa mankhwala otsegula m'mimba, tsiku ndi tsiku.

Ndinabwerera ku sipuni yaing'ono n'kupitiriza mpaka botolo linatsala pang'ono kutha, chifukwa ndinkafuna kuona za tsitsizo ndi maso anga. Ndinkajambula pamphumi ndi foni, pawindo lomwelo, tsitsi nditalikokera kumbuyo. Zithunzizo ukaziika pamodzi sungadziwe loyamba ndi liti. M'mbali munali mmene munalili, timatsitsi tofewa tochepa tija, pena khungu likunyezimira. Pachipeso pankatsalabe tsitsi lochuluka chimodzimodzi. Khungu la kumaso silinasinthe, kupatula kuti masiku otsegula m'mimba aja maso ankalowa m'kati.

Ukaganiza bwino, palibe njira imene mafutawa angafikire kumutu ngati mafuta. Chilichonse chimene tameza chimagayidwa, ndipo awa mbali yaikulu ya ntchito yawo imathera m'matumbo momwemo. Tsitsi limakula pafupifupi sentimita imodzi pamwezi, kaya munthu amwe chiyani, ndiye amene akukuonetsani tsitsi lofika m'mapewa atamwa kwa mwezi umodzi, mufunseni kuti wigi anagula kuti. Mu 2022 madokotala a khungu ku America anasanthula kafukufuku amene analipo wokhudza mafuta a kokonati, a nsatsi ndi a argan pa tsitsi. Pa nsatsi anapeza umboni wofooka woti tsitsi limawala, koma sanapeze umboni wamphamvu woti limakula. Ndipo kumeneko kunali kudzola, osati kumwa.

Nanga maumboni onse aja akuchokera kuti? Ine sindikuti amayi anzathu akunama. Mayi akakhala woyembekezera tsitsi silithothoka kwambiri, ndiye akachira, pakatha miyezi iwiri kapena inayi, lonse lija limagwa pakamodzi. Kenako limabwerera lokha, nthawi zambiri mwana asanakwanitse chaka kapena chapompo. Zimachitikanso munthu akadwala malungo aakulu, akachitidwa opaleshoni, kapena akadutsa m'mavuto osautsa mtima. Tsono munthu amayamba kumwa mafuta pamene tsitsi lafika poipitsitsa, likayamba kubwerera pa nthawi yake, ulemu umapita kwa nsatsi. Winanso poyamba kumwa amasiya kuluka, amasiya mankhwala owongola tsitsi, amayamba kugona atamanga kansalu kosalala. Chathandiza ndi chiti pamenepo?

Mbali imene yandikwiyitsa ndi iyi ya “kutsuka m'thupi”. Munthu akatsegula m'mimba amamva kupepuka, mimba imaphwa, sikelo imatsikako, ndiye amati zoipa zatuluka. Zimene zatuluka ndi madzi ndi mchere wofunika m'thupi monga potaziyamu, umene mtima ndi minofu zimadalira. Ntchito yosefa zoipa ndi ya chiwindi ndi impso, ndipo sizidikira sipuni ya mafuta. Kumangotsegula m'mimba tsiku lililonse kumachititsa kuti chakudya chidutse chisanayamwidwe bwino, pamene tsitsi limafuna mapuloteni ndi ayironi. Ukufuna kudyetsa tsitsi, koma ukulilanda chakudya. Komanso matumbo akazolowera kukankhidwa, ena amavutika kupita kuchimbudzi paokha akasiya. Ine nditasiya panadutsa masiku m'mimba muli duu.

Pali anthu amene ndikuwapempha kuti asayerekeze n'komwe. Oyamba ndi amayi oyembekezera. Malo aja a EP3 ali pachiberekero, n'chifukwa chake kuyambira kale mafutawa amadziwika kuti amayambitsa zowawa za pobereka. Mayi wapakati kumwa pofuna tsitsi kapena pofuna kuchira msanga ali kunyumba, n'kuika moyo wake ndi wa mwana pachiswe. Ngati mukudzimbidwa muli ndi pakati, kanenani kusikelo. Ena ndi amene akumwa mapiritsi olera, chifukwa kutsegula m'mimba kwambiri kungachititse kuti piritsi lisagwire bwino ntchito, ndipo mwana wachitatu angabwere tsitsi lisanabwere. Amene ali pa ma ARV, pa mankhwala a BP, a shuga, a mtima kapena a khunyu, ayambe afunsa adokotala. Ana aang'ono ndi agogo amatha madzi m'thupi msanga. Ndipo munthu amene m'mimba mukumupweteka kwambiri, akusanza, osadziwa chifukwa chake, asamwe mankhwala aliwonse otsegula m'mimba, athamangire kuchipatala, chifukwa mwina ndi apendikisi kapena matumbo atsekeka. Amene mwamwa kale ndipo mwatsegula kwambiri, sungunulani Thanzi ORS muzimwa pang'onopang'ono.

Wina pagulu paja anati bwanji tingoyenga tokha, nsatsi zili mbwee kuseri kwa makola ndi m'mabwinja. Zoona, kwathu ku Dowa agogo anga ankayenga. Ankakazinga njerezo m'phale, kusinja mumtondo mpaka zitachita phala, kuwiritsa m'madzi, kenako n'kumayengula mafuta oyandama pamwamba ndi kuthira m'nsupa. Ankatidzoza m'miyendo nthawi ya chisanu kuti tisachite mikwingwirima ndi ming'alu. Koma sindinawaonepo akutimwetsa, ndipo ankatikalipira tikamaseweretsa njere zija, zokongola zamawangamawanga. Njere za nsatsi zili ndi poizoni woopsa wotchedwa ricin, yemwe anaphera Georgi Markov, mlembi wa ku Bulgaria, mumzinda wa London mu 1978. Poizoniyu sasungunuka m'mafuta, amatsalira m'zotsalira zofinyidwa zija, ndipo kutentha kumamupha mphamvu. N'chifukwa chake mafuta oyengedwa bwino kufakitale alibe vuto limeneli. Koma oyenga pakhomo, kapena ogula pamsika m'kabotolo kopanda chizindikiro, ndani angakutsimikizireni kuti mulibe tizidutswa ta njere? Amenewo ngodzola basi. Kutafuna njere ndiye ayi ndithu, zowerengeka chabe zitha kupha mwana.

Chimodzimodzi akuda aja otchedwa Jamaican Black Castor Oil amene ali m'masitolo a zodzoladzola pamtengo wokwera. Kuda kwake n'chifukwa choti njere zimayamba zakazingidwa ndipo mumakhala phulusa, njira yosasiyana kwenikweni ndi ya agogo ija. Ambiri amapangidwira kudzola, ena amasakanizamo zonunkhiritsa. Werengani pabotolo musanayandikize kukamwa.

Tsopano nyenyezi ziwiri zija. Otsala m'botolo ndinayamba kudzola, ndipo apa mafutawa ndawakonda. Tsitsi lathuli limauma msanga, makamaka miyezi ya Juni ndi Julayi komanso nthawi ya fumbi, ndipo likauma limaduka kunsonga. Ndikachapa, likadali lonyowa pang'ono, ndimadontheza timadontho tochepa m'manja, kusakaniza ndi mafuta opepuka monga a kokonati, n'kupaka kunsonga. Limakhala lofewa masiku angapo, limawala, popesa silimveka kuthetheka. Tsitsi likasiya kuduka limaoneka ngati likukula msanga, ndipo ndikuganiza kuti mbiri yonse ya nsatsi yagona pamenepa. Ku zidendene zong'aluka ndi m'zigongono amagwiranso bwino kwambiri. Botolo limakhalitsa chifukwa safuna ambiri. Mukachulutsa, pilo amada, fumbi limamatirira, m'mutu mumayabwa, ndipo pochapa mumatha shampu. Madokotala a ku India analembapo mu 2017 za mtsikana wina amene tsitsi lake lalitali linapotana n'kuumbika chibuma chimodzi atadzola mafutawa, moti linangofunika kumeta. Sizichitikachitika, koma ndi chifukwa china chosathirira ngati mukukazinga mandasi. Yambani mwayesa pang'ono kuseri kwa khutu, ena amatuluka nawo zidzolo.

Za m'mbali mwangamo, yankho ndinakalipeza kuchipatala. Atandiyeza anapeza kuti magazi ndi ochepa, vuto lofala kwa amayi amene angochira kumene, ndipo anandipatsa mapiritsi a ayironi. Adokotala atayang'ana pamphumi anandiuzanso mosapsatira kuti zoluka zanga zimakoka kwambiri. Tsitsi likamakokedwa zaka ndi zaka mizu yake imafa, ndipo pamene pafa sipameranso ngakhale mudzole chiyani. Ngati poluka mukuchita kumwa panado kuti mugone, kapena m'mphepete mwatuluka timatuza, masulani. Panopa ndimauza wondiluka kuti timatsitsi ta kutsogolo atisiye, ngakhale anyinyirike kuti sizikongola. Pambale ndawonjezera usipa, nyemba, mazira, bonongwe ndi chiwindi ndikachipeza. Ena vuto limakhala chithokomiro kapena chipere cha m'mutu, zimene zili ndi mankhwala ake, ndipo pa mitundu ina ya dazi pali mankhwala opaka otchedwa minoxidil amene anayesedwa mokwanira, koma woyamwitsa ayambe wafunsa kaye.

Kodi ndidzagulanso? Inde, kabotolo kakang'ono, ka tsitsi ndi zidendene. Kwa munthu wamkulu wopanda matenda ena amene wadzimbidwa kamodzi, amagwira ntchito mosakayikitsa, ngakhale kuti madzi ambiri, papaya ndi nsima ya mgaiwa n'zofatsa kuposa pamenepa. Mukasankha kumwa pa chifukwa chimenecho, tsatirani mlingo wa pabotolo, musamwe pogona, ndipo likhale tsiku loti simukwera minibasi.