Makala, gasi kapena magetsi: tiphikire chiyani kuno ku Mchinji?

Amayi anzanga pa Boma pano amakonda kundifunsa ngati kusiya mbaula n'kotheka. Zitatu zonsezi ndimaphikira, ndiye ndinene zomwe ndaona.

Makala amakoma pogula: ndalama ikachepa ugula a m'jumbo, tsiku latha. Koma dzinja likafika amakwera mtengo, ena onyowa, utsi uli tolo m'khitchini. Ndipo ndikaona njinga zitasenza matumba mbandakucha, mtima umandipweteka poganiza za nkhalango ya Mchinji.

Gasi ndi wachangu. Phala la ana limapsa asanamalize kusamba, mapoto osada. Chowawa ndi kugula silinda koyamba, komanso gasiyu amachokera kunja. Ndalama zakunja zikasowa nayenso amasowa, ndipo kwacha ikagwa mtengo wake suchedwa kukwera. Nyemba zouma musaziyese pa gasi musanaziviike usiku wonse, mungalire nazo. Oopa ngozi, pakani madzi a sopo polumikizira paipi. Akachita thovu ndiye kuti gasi akutuluka, tsekani msanga.

Magetsi ndiwo ndimawafuna koposa, chifukwa ambiri mwa athu amachokera ku madzi, osati ku malasha. Vuto ndi loti malo opangira magetsi a Nkula, Tedzani ndi Kapichira onse ali pa mtsinje umodzi wa Shire. Mu Januwale 2022 namondwe Ana atawononga Kapichira, dziko linataya mamegawati pafupifupi 130, ndipo ambiri amene anali atazolowera kuka ya magetsi anabwerera ku mbaula. Sola ya ku Salima ya mamegawati 60 imathandiza masana, koma nsima ya madzulo timaphika dzuwa litalowa, nthawi yomwe aliyense wayatsa. N'chifukwa chake mabatire osunga magetsi a sola ngati a ku Golomoti ndi nthambo zobweretsa magetsi kuchokera ku Mozambique kufika ku Phombeya m'boma la Balaka ndi nkhani ya m'khitchini mwathu momwe. Okonza mapulani a dziko akamawerengera magetsi a zaka zikubwerazi, aziwerengera pamodzi ndi malo odzazira gasi m'maboma ngati lathu lino, kuti china chikavuta chinzake chigwirize, munthu asathamangire kudula mitengo.

Kwa Sitolo kuno, mudzi uli ndi sola yakeyake ya makilowati 80. Kumidzi komwe mapolo sanafike, njira imeneyi ndiyo ndimaiona yapafupi, ngakhale kuphikira kumadya mphamvu zambiri kuposa kuyatsa babu.

Nanga hydrogen, mpweya woyaka yemwe akutchuka kunjayu? Amapangidwa polekanitsa madzi pogwiritsa ntchito magetsi, ndiye amafuna dziko la magetsi otsala. Namibia ikuyesa. Ife tisanafike pamenepo, athu ayambe akwana.

Kwanga ndimachita chonchi: magetsi akakhalapo ndimaphikiratu nyemba ndi kuwiritsa madzi, tiyi ndi ndiwo zofulumira ndi za pa gasi. Mbaula ikadali pakhonde, koma thumba la makala lomwe kale linkatha mwezi usanathe, pano limandifikitsa patali.