Steering box ya Hilux ya bambo: momwe inayendera kuchoka ku Joni kukafika ku Mangochi

Bambo anga ali ndi Hilux ya dizilo ya m'ma 1980, yomwe imatuta usipa ndi utaka ku Makawa kukagulitsa pa boma ndi ku Liwonde. Ndiyo inatilipirira sukulu tonsefe. Chaka chatha mng'ono wanga anandiimbira kuti sitiyaringi yayamba kusewera: ukapotoza, matayala akuchedwa kumva, ndipo pa msewu wa ku Monkey Bay galimoto ikumayenda mokhotakhota ngati njoka. Amakaniko anaona ma tie rod ndi idler arm, zitsulo zothandiza kukhotetsa matayala akutsogolo, zonse zili bwino. Kasikuluwu kochepetsera kusewerako, ka pamwamba pa steering box (bokosi la magiya lomwe limalumikiza sitiyaringi ndi matayala), anakamanga mpaka kufika pothera. Chinatsala n'kusintha steering box yonse.

Abale anga muli kuno ku Joni, ndalama zambiri ndinataya katunduyo asananyamuke n'komwe. Ndinapita pamalo pophwasulira magalimoto n'kungonena kuti ndikufuna ya Hilux yakale. Anandipatsa, ndinalipira. Itafika kumudzi inakana kukhala: mabowo a mabawuti sakukumana, pitman arm, mkono wachitsulo wochoka pa bokosilo, ikuloza kwina. Inali ya 4x4, pomwe ya bambo ndi 4x2. Kuibweza kunali kosatheka, mpaka lero ili pansi pa bedi la mng'ono wanga.

Transipota woyambayo ndinamupeza pa gulu la WhatsApp. Sanandilembere lisiti, anangoti "sabata isanathe yafika, bwana." Inatha masabata atatu. Masiku ena foni yosapezeka. Kenako anatulukira akuti ali pa Mwanza, a MRA akufuna msonkho, nditumize ndalama yowonjezera tsiku lomwelo. Pepala la msonkhowo sindinalione. Chinandipweteka kwambiri n'chakuti oyilo anatayikira m'mabulangeti a mayi wina wa ku Malindi, mng'ono wanga ndiye anatukwanidwa potsitsa. Apo cholakwa chinali changa, sindinakhuthule oyiloyo.

Ulendo wachiwiri malume anga ndiwo anandipatsa nzeru. Anati, "Mphwanga, matransipota pobwera kuno amabwera ndi mpunga ndi nsomba zouma, chitsulo chingawakanike?" Tinamasula bokosi lakalelo n'kulikweza kubwera ku Johannesburg. Ndinalinyamula m'chikwama kupita nalo kwa okonza masitiyaringi okhaokha, n'kuliika pa kauntala pambali pa linzake lokonzedwanso. Tinayerekeza mabowo, tinawerenga mano a shafti yolowa ndi a yotuluka, kenako ndinapotoza ndi dzanja kuchoka mbali ina kukafika ina kuti ndimve ngati pali pomwe ikulumpha kapena kulimba. Panalibe. Ndalama yonyamulira chitsulo chakalecho inali yochepa poyerekeza ndi yomwe ndinataya poyamba.

Wogulitsayo anandinyengerera kuti ndiike ya power steering. Ndinakana. Imeneyo imafuna pampu, bulaketi, mapaipi ndi lamba wake, ndipo mukaiika yopanda pampu imalemera kuposa yamanja. Paipi ikaphulika muli ku Makanjira mudzaipeza kuti? Yamanja imangofuna oyilo wa giya ndi mikono, ndipo bambo mikono ali nayo. Chenjeraninso ndi zotchipa za pa intaneti zochokera ku America: n'za galimoto za sitiyaringi ya kumanzere, pomwe ku Malawi ndi kuno ku South Africa ili kumanja.

Pomanga ndinakhuthula oyilo yense, mano a mashafti ndinawakulunga ndi chubu chakale cha njinga, kenako katoni ndi thumba. Dzina ndi nambala ya mng'ono wanga ndinalemba ndi penti pa chitsulo penipeni, chifukwa katoni imang'ambika m'njira.

Transipota wachiwiri ndi bambo wina wa ku Namwera, ndipo ameneyu ndikumuyamikira ndi mtima wonse. Ali ndi buku la malisiti, anajambula katunduyo ine ndikuona, anatenganso kope la lisiti yogulira kuti akaonetse pa chipata. Za msonkho tinamvana tisanasiyane, kuti uli m'kati mwa mtengo. Theka ndinalipira pokweza, theka lina katundu atafika. Ankatumiza uthenga pa gulu akadutsa pa Beitbridge, pa Nyamapanda, powoloka Zambezi ku Tete, mpaka pa Zobue ndi Mwanza. Pa Beitbridge anachedwa masiku awiri ndi mzere, koma ananena yekha tisanafunse. Patatha masiku asanu ndi atatu anatsitsa pa boma, pafupi ndi Bakili Muluzi Bridge.

Basi imafulumira, koma pamafunika wokwera woti akugwirireni, ndipo basi zambiri zimakathera ku Blantyre kapena ku Lilongwe. Kuchoka ku Mangochi kukatenga ku Blantyre ndi makilomita pafupifupi 200, tsiku lonse latha. Pa kanthu kolemera chonchi sindinaone phindu.

Ndalama ya amakaniko ndi ya oyilo ndinatumiza pa Mukuru, kulowa mu Airtel Money ya mng'ono wanga, ndipo inafika tikadali pa foni. Ndisanatumize ndimaonanso Mama Money ndi Hello Paisa tsiku lomwelo, n'kuyang'ana makwacha omwe afike m'manja, osati chaji yokha. Matransipota ena amati muwapatse maranda kuno, wina akapereka makwacha ambiri kumudzi. Ndalama yopanda lisiti ine ndinasiya kuyambira pa nkhani ya pa Mwanza ija.

Tsiku loika ndinaimba kawiri kukumbutsa kuti bokosilo ndi louma, athire oyilo asanalize injini. Madzulo ake mng'ono wanga anatumiza kanema: bambo akuwoloka Shire, dzanja limodzi pa sitiyaringi, kumbuyo madengu a usipa. Ndinamva akuti, "Umuuze achimwene akowo kuti yawongoka."