Mapaundi 130 kuti katswiri asaine jezi ya achimwene

Jezi imene ndikunena pano ndi ya achimwene anga. Anaigula pa kaunjika mumsika wa Limbe chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990, nthawi imene mpira wa ku England tinkauonera m'tinyumba ta vidiyo ku Ndirande, titathinana pa mabenchi, thukuta lili kamukamu. Kumsana kwake kuli dzina ndi nambala ya wosewera amene achimwene ankamukonda kuposa wina aliyense. Kolala inatha, mtundu unasuluka, koma sanalolepo munthu kuivala ngakhale tsiku limodzi. Pamene ndinkanyamuka kubwera kuno ku UK mu 2022, anaipinda bwinobwino n'kuiika okha m'chikwama changa pa Chileka, amvekere: "Ukakakumana naye ukamuonetse. Ukamuuze kuti ku Ndirande kuli munthu wake." Operekeza onse anaseka, koma ine achimwene ndimawadziwa, ankanenetsa.

Ndiye nditaona pa Facebook kuti kampani ina yogulitsa katundu wosainidwa ndi akatswiri a masewera ikubweretsa wosewera yemweyo ku hotela ina mu Birmingham, sindinachedwe. Ife timakhala ku Leicester, ulendo wa pafupifupi ola limodzi pa sitima. Kampaniyo ndi wosewerayo sindiwatchula maina. Chimene ndikufuna anzanga mudziwe ndi kachitidwe ka malonda amenewa, musanatulutse ndalama zanu.

Tiyambe ndi mitengo, chifukwa ndi pamene ndinayenera kuchenjera. Pa chithunzi chotsatsa analemba mtengo umodzi wokha, £35, pansi pake mawu akuti bwerani mudzakumane ndi ngwazi yanu. Ukalowa pa tsamba lawo logulira matikiti m'pamene umaona kuti nkhuku aidula nthulinthuli, chiwalo chilichonse ndi mtengo wake. £35 ija ndi ya kusainitsa chithunzi kapena kabuku. Jezi, mpira ndi nsapato amaziika m'gulu la katundu wamkulu, £50. Kujambulitsa naye ndi tikiti ina, £45. Kulowa pakhomo pokha £12 wamkulu, £6 mwana. Pamwamba pake £7 yongogulira pa intaneti. Kupatula £35 ija, zonse zinakwana £120, ndipo ina £10 anandidula ndili kale pamzere, ndifotokoza. Ine ndimagwira ntchito yosamalira okalamba, malipiro anga sasiyana kwenikweni ndi malipiro otsikitsitsa amene boma linaika, omwe mu Epulo 2025 anafika pa £12.21 pa ola kwa munthu wa zaka 21 kupita m'tsogolo. Werengerani nokha: ndi maola opitirira 10, pafupifupi shifiti yathunthu yonyamula ndi kusambitsa anthu, msonkho usanadulidwe, za sitima tisanaziikepo.

Ndinapita ndi mwana wanga wamwamuna wa zaka 11. Iye wosewerayu sanamuonepo akusewera, anabadwa munthuyo atapachika kale nsapato. Amamudziwira pa YouTube ndiponso m'nkhani za atate ake aakulu, amene akaimba foni ya WhatsApp amatha theka la ola akumufotokozera chigoli chimodzi. Usiku woti mawa tipita, mwanayu anakhala pa tebulo n'kulemba pa kapepala zimene akanene. Anafufuta kawiri konse. Pomaliza anatsala ndi ziganizo ziwiri za Chingelezi: kuti jeziyi yachokera ku Malawi, ndipo mwini wake waisunga zaka zoposa 25. M'sitima monse ankangoyeseza chapansipansi.

Tikiti yathu inati 1 koloko masana. Tinafika isanakwane 12. Holo yake inali yaukhondo, yofunda bwino, zimbudzi zosamalika, ndipo mayi amene ankaona matikiti pakhomo anatilandira mwaulemu n'kumumangirira mwana kachingwe ka pamkono akumwetulira. Zimenezi ndiyamike. Mkati munali matebulo a ogulitsa majezi a m'mafelemu, mabuku a mapulogalamu a masewero akale ndi timakhadi ta osewera. Mwana anasangalala nazo kwambiri.

1 koloko inakwana, mpando wa mlendo uli wopanda munthu. Panalibe wobwera kudzatiuza chimene chikuchitika. Tinaima pamzere wokhotakhota pakati pa zingwe, anthu ndithu mazana angapo, ena okalamba oyenda ndi ndodo, mipando palibe. Wosewerayo analowa itangotsala pang'ono kukwana 2 koloko, anthu n'kuwomba m'manja, ine ndemwe, mtima ukugunda ngati mwana. Mkulu wina wa tsitsi la imvi amene anali patsogolo pathu, yemwe anati wakhala akuyenda m'zochitika zotere kwa zaka zambiri, anandinong'oneza kuti tisayembekezere zambiri. Anati osewerawa amachita pangano la maola owerengeka ndi kampani, ndipo akachedwa kufika nthawi yonyamukira siisuntha. Chimene chimafupika ndi nthawi ya ife a pamzere. Ndi mmenedi zinakhalira.

Chinandiwawa kwambiri ndi mzere wachiwiri umene unali pambali pathu, wa anthu olipira ndalama yoonjezera kuti asadikire. Ambiri mwa iwo sanali masapota ayi. Anali a bizinesi, atanyamula zikwama zamatayala zodzaza majezi atsopano ali m'mapulasitiki, wina zithunzi mulu wonse, aliyense matikiti ali phwamwamwa m'manja. Munthu mmodzi ankatha kusainitsa zinthu 20, zoti madzulo omwewo zikhala pa eBay, msika wa pa intaneti. Pamene ankafika kwa ife, dzanja la wosewerayo linali litatopa kale, nkhope itagwa, ndipo anyamata a kampani anali atayamba kuyang'ana mawotchi.

Titatsala anthu ngati khumi kuti tifike, mtsikana wina wovala malaya a kampani anabwera ndi timapepala tomata, akufunsa ngati tikufuna kuti alembepo dzina. Ndinati inde, dzina la achimwene. Anati £10. Apa ndinadabwa, chifukwa aliyense wodziwa malonda amenewa amadziwa kuti jezi yolembedwa dzina la munthu imatsika mtengo ukafuna kuigulitsa. Wopempha kuti alembepo dzina ndiye sapota weniweni, amene sadzaigulitsa. Yemweyo ndi amene akumulipiritsa zambiri. Ndinalipira, nanga ndikanatani poti ndafika kale. Anafunanso £10 ina ya satifiketi yotsimikiza kuti siginecha ndi yeniyeni, yokhala ndi kasitika konyezimira. Imeneyo ndinakana. Ndikudziwa chifukwa chake masatifiketi amenewa alipo: masiginecha achinyengo ndi ambiri, moti ku America a FBI anachita kufufuza nkhaniyi chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990 pa ntchito imene anaitcha Operation Bullpen, n'kugwira gulu la anthu amene ankasaina okha maina a akatswiri. Koma satifiketi ndi ya munthu wogula chinthu chimene sanaone chikusainidwa. Ine ndinali pomwepo ndi maso anga awiri.

Tsono pa tebulo penipenipo. Jezi sumupatsa wekha wosewerayo. Mnyamata woyamba anandilanda m'manja, n'kuikoka pa kabolodi kuti nsalu iwongoke, n'kumatapo kapepala ka dzina kaja. Ndinamva kuwawa kuona mmene anaikokera, nsalu yakale ngati ija, ulusi wa paphewa unachita kulira. Anaikankhira kwa wachiwiri, wachiwiriyo n'kuiika pamaso pa wosewerayo, chala chili pa malo oti asaine. Mafoni anatiuza kuti tibweze m'matumba. Pakati pa ife ndi iye panali tebulo lalikulu, ndipo kumanja kwake kunakhala bambo wina wa suti amene ankamuonetsa zinazake pa foni.

Mwana wanga anaima chilili, kapepala kake kali m'manja, n'kuyamba: "Bwana, jezi iyi yachokera ku..." Mawu ake anali otsika, m'holo muli phokoso. Wosewerayo anali akuyankha bambo wa suti uja. Cholembera cha Sharpie chinayenda pa nsalu, mzere umodzi wokhota ngati njoka, kenako nambala. Anayang'ana kapepala komata, n'kukopera dzina la achimwene, chilembo chimodzi n'kuchisiya. Mutu sanadzutse. Ndinaona pamwamba pa mutu wake, tsitsi layamba kuchepa pakati, ndi wotchi yaikulu pa dzanja. Maso ake sindinawaone. Mnyamata wachitatu anali atanyamula kale jezi ija akutipatsa, dzanja lina lili pamsana pa mwana wanga kumukankhira kutsogolo, akuti tiyeni, tiyeni, inki isakhudzane ndi kanthu kwa mphindi zingapo. Zonse sizinapitirire masekondi 15. Mwana anatsala pakati pa chiganizo choyamba.

Kujambulitsa kunachitika patapita ola lina, kuseri kwa nsalu yakuda. Kumeneko ndiye kunali kothamangitsana kuposa. Pansi anamata tepi posonyeza poima. Umalowa, umaima, kuwala kwa kamera ng'ani, watuluka. Anatichenjeza tisanalowe kuti tisamugwire dzanja pokhapokha iye atayamba, ndipo sanayambe. Chithunzicho anatipatsa patangopita mphindi 10, chosindikizidwa bwino, chowala, pepala lolimba. Wosewerayo akumwetulira bwino lomwe, kumwetulira kumene ndinakuona pa zithunzi za anthu onse amene anatuluka nafe. Mwana wanga pa chithunzipo akuyang'ana kumbali, kwa iye, pakamwa pali potsegula pang'ono. Ankayesanso kachiwiri.

Kwathu sitinakule ndi mwambo wa masiginecha. Osewera a Bullets ndi Wanderers tinkakumana nawo m'minibasi, pamsika, pamaliro, kapena potuluka pa geti ku Chichiri mpira ukatha. Chimene unkafuna ndi moni wa padzanja, akufunse kuti "Zikuyenda, mfana?", iwe ukafotokozere anzako sabata yonse. Mwina n'chifukwa chake zimenezi zinandilowa kwambiri. Munthu wamkulu kupatsidwa moni ndi mwana, iye osayankha, kwathu ndi nkhani. Ndikumvetsa kuti kusaina dzina lako kambirimbiri motsatizana n'kotopetsa, ndiponso kuti osewerawa anatopa ndi anthu owanamiza kuti ndi masapota pamene akufuna zokagulitsa. Mlandu waukulu ndikuupereka kwa kampani, imene inagulitsa matikiti ochuluka kuposa nthawi imene inagula kwa munthuyo, n'kuika a bizinesi patsogolo pa ana. Komabe naye wosewerayo sindingamuchotse. Kudzutsa mutu n'kunena kuti zikomo sikufuna pangano.

Lolemba lake ndinalemba imelo yodandaula. Ndinatchula za kuchedwa, za dzina lolakwika limene ndinalipirira £10, ndiponso kuti malonda awo ankanena za kukumana, pamene chimene tinalandira ndi siginecha yokha. Kuno kuli lamulo la Consumer Rights Act 2015, limene limati wogulitsa ntchito aigwire mosamala ndi mwaluso, ndipo ndinalitchula. Anayankha patatha masiku 9, mwaulemu ndithu, koma akuloza ku timalemba ting'onoting'ono ta pansi pa tikiti: kuti nthawi ikhoza kusintha, ndipo kucheza ndi mlendo sakulonjeza. £10 ya dzina anabweza. Zina zonse ayi. Mnzanga wina anandiuza za Section 75 ya Consumer Credit Act 1974, imene imathandiza ukagula ndi kirediti kadi, koma imagwira ntchito pa chinthu chimene mtengo wake wapitirira £100. Matikiti anga aliyense payekha anali pansi pa pamenepo.

Wofuna siginecha yokha, yoti aike m'felemu pakhoma, adzapeza chimene akufuna, ndipo inki yake ndi yabwino, siinafalikire pa nsalu. Koma ngati mukutenga mwana, muuzeni zoona musananyamuke, kuti mwina sadzayankhulana naye. Werengani timalemba tating'onoto musanalipire. Funsani ngati pali mzere wa olipira zambiri, ndipo ngati ulipo dziwani kuti inu mudzafika munthu atatopa. Dzina lilembeni nokha ndi zilembo zazikulu pa kapepala, makamaka maina athu achichewawa. Jezi yakale yofooka musalole kuti aikoke okha pa bolodi, igwireni nokha. Ine kampani imeneyi sindidzaipatsanso ndalama yanga.

M'sitima pobwerera mwana sanayankhule mpaka tinadutsa Nuneaton. Kenako anandifunsa kuti, "Adadi, kodi ndinayankhula motsitsa kwambiri?" Ndinamuuza kuti ayi, anayankhula bwino, ine ndinamva mawu onse.

Achimwene anaimba usiku womwewo, sanathe kudikira kuti kuche. Ndinawaonetsa jezi pa kamera, anaiyang'anitsitsa nthawi yaitali, za chilembo chosowacho sanatchule n'komwe. Anaitana alamu ndi ana kuti adzaone. Kenako anayandikitsa nkhope pa foni n'kufunsa kuti, "Ndiye anati chiyani atamva kuti yachokera ku Ndirande?" Mwana wanga anali pambali panga pa mpando, akundiyang'ana. Ndinati, "Achimwene, sanamve. Anthu anali ambiri." Anakhala chete pang'ono, kenako anati ndiisunge bwino, ndisaichape, ndidzabwere nayo mu Disembala.