Boti la ku Vilankulo: nsomba ndinagwira koma ndiwo sindinabwere nayo

Chibwerereni ku ulendo uja wokawedza nsomba pa boti ku Vilankulo, m'dziko la Mozambique, anthu sakundipumitsa, ku ntchito, pa Chitakale, ngakhale ku tchalitchi, funso ndi lomwelo, "nsomba ija munadya ndi ndani?" Ndiye ndingofotokoza kamodzi basi, komanso wina amene akuganiza zokalipira boti ngati lomweli adziwiretu zomwe akukagula.

Choyamba ndinene chilungamo, ndalama sizinali zanga. Ine ndi kalaliki wa pa esiteti ya tiyi kuno ku Mulanje, mtengo wa boti ija tsiku limodzi ndikanagulitsa njinga yamoto yanga mwina osakwanabe, amatchula m'madola kapena ma rand, kwacha samayidziwa nkomwe. Analipira ndi alamu anga a ku Joni, munthu amene anapenga nazo zowedza nsomba za m'nyanja ya mchere. Anabwera pa galimoto mu Julayi kudzaona makolo ndiye akuti alamu tiyeni mukaone madzi enieni, inu mumangodziwa Ruo ndi Likhubula. Julayi tiyi amakhala wachepa mmunda, tchuthi sichivuta, ndinangoti tiyeni.

Tinatulukira pa Muloza, Milange, Mocuba, kuwoloka Zambezi pa mlatho wa Caia, kenako Inchope mpaka kutsika ndi msewu waukulu wa EN1 kudutsa mtsinje wa Save. Masiku awiri. Msewu wa pakati pa Caia ndi Inchope musandifunse, pena zimaoneka ngati maenje ndi amene ali ndi tara pang'ono.

Tsopano za boti. Anatiuza tifike 5 koloko m'mawa ndipo 5 koloko yake inali yeniyeni, tinapeza injini ziwiri zikulira kale, anyamata awiri a komweko atakonza nyambo, kaputeni akuyang'ana za mphepo pa foni. Boti laukhondo, majekete oyandamitsa aliyense yake, wailesi yolumikizirana ndi kumtunda ikugwira, kachipangizo koonetsa kuya kwa madzi ndi pomwe pali nsomba kaliponso. Pamenepo ndilibe chodandaula. Ku Vilankulo madzi amaphwa n'kubwerera mtunda wautali ndiye boti silifika pouma, mumavula nsapato kuyenda m'madzi mpaka m'mawondo, ine ndinavala jinzi yatsopano, ndinaphunzira.

Chimene ndinamukondera kaputeni ndi choti sanatinamize. Alamu anabwera ndi mtima wa marlin, chinsomba chachikulu chija, akhala akundiimbira nyimbo yake njira yonse kuti black marlin yaikulu kwambiri yomwe inagwidwapo ndi mbedza inali ya makilo 707, anaigwira Alfred Glassell ku Cabo Blanco ku Peru mu 1953, ine ndikuwerengera mumtima kuti amenewo ndi matumba 14 a chimanga. Kaputeni anangoseka n'kuti bwana mwabwera mwezi wolakwika. Akuti kumeneko black marlin zikuluzikulu zimayandikira zilumba madzi akayamba kufunda, kuyambira kumapeto kwa Seputembala mpaka Disembala, Okutobala ndi Novembala ndiye pachimake. Miyezi yozizira, Juni mpaka Seputembala, ndi ya sailfish. Januwale mpaka Malichi nsomba zina zilipo koma ndi nthawi ya mvula ndi anamondwe, ukhoza kulipira n'kungokhala pa khonde la loji kuyang'ana mafunde. Atatchula namondwe ndinamufunsa za Freddy, ndipo ndi pomwe ndinadziwa kuti Freddy yemwe anatigwetsera mapiri kuno mu Malichi 2023 anayamba watera kufupi ndi Vilankulo komweko kumapeto kwa Febuluwale, kenako n'kubwerera m'nyanja kukatenga mphamvu, n'kudzalowanso cha ku Quelimane kubwera kwathu. Tinakhala kaye chete pang'ono, aliyense ali ndi zake zokumbukira. Wina wadyera akanangoti marlin zilipo tiyeni, ndalama n'kulandira, ife tikanadziwa bwanji?

Tinadutsa pakati pa chilumba cha Bazaruto ndi Benguerra, pafupi ndi malo omwe amati Two Mile Reef, kutuluka kunja kwenikweni. Mkati mwa zilumba madzi ndi obiriwira, odekha, ine mpaka kujambula mavidiyo ndikumwetulira. Titangotuluka eeh. Mphepo ya kummwera chakummawa yomwe imatibweretsera chiperoni kunoyi, kumeneko imabwera ndi mafunde, boti kukwera kutsika kukwera kutsika, tiyi ndi buledi wa m'mawa zonse ndinabweza kwa eni nyanja. Ichi ndi chimodzi chomwe ndikuwadandaula, mapilitsi oletsa nseru amafunika kumwa usanakwere, ena amati usiku wake, koma palibe anatiuza polipira, anadzandipatsa nditayamba kale kusanza pomwe sathandizanso kanthu. Munthu wochokera dziko lopanda nyanja ya mchere mumuuze zimenezi chonde.

Kawedzedwe kake si kathu kokhala pa mwala ndi nyongolotsi. Boti limayenda pang'onopang'ono likukoka zingwe zingapo kumbuyo, m'mbali muli mitengo iwiri yaitali yotambasula zingwe kuti zisakolane, pafupi ndi boti akukoka tinthu topanda mbedza tongophiphiritsa madzi kuti nsomba ikopeke ibwere. Nyambo zina ndi zapulasitiki, zina ndi tinsomba tamlomo wautali tomwe anyamata anasoka bwinobwino ndi ulusi kuti tizisambira ngati tamoyo. Maola atatu palibe chinachitika kupatula ine kubuula. Kenako mnyamata wina anakuwa mu Chitswa chawo akuloza kumbuyo, ndinaona chinthu chakuda ngati ambulera yotambasula chikutsata nyambo, chinali chipsepse cha pamsana cha sailfish chija chimene anaitchulira dzina chifukwa chimaoneka ngati thanga la ngalawa. Inamenya nyambo ndi mlomo, mnyamata anamasula chingwe kuti imeze kaye, kenako chingwe chinayamba kulira kuti wiii.

Alamu anandikankha, "alamu iyi ndi yanu." Anandimanga lamba wokhazikapo ndodo m'chiuno. Abale, nseru inatha yokha. Nsomba inadumpha m'mwamba yonse, kuyenda ndi mchira pamwamba pa madzi, kugwedeza mutu, kulowa, kutulukanso kwina. Kaputeni akungobwereza mawu amodzi, kweza ndodo pang'onopang'ono, potsitsa kulunga chingwe, osalola chingwe kukhwepa, uku iye akutembenuza boti kuitsata. Panatha mphindi mwina 20 koma mikono inkamva ngati ndalima ndime ziwiri. Itafika pambali pa boti inali ndi mizere ya buluu yowala ngati magetsi, kaputeni anati ndi ya makilo cha m'ma 30.

Apa ndi pomwe panavuta. Ine m'mutu ndinali nditagawa kale, mutu wa apongozi, pakati pa ana, china choyanika, mchere ndinagula paketi ziwiri ku Mocuba, cooler box ndinabwereka kwa neba. Mnyamata anavala magolovesi, kugwira mlomo uja, kuchotsa mbedza, kundiuza ndiwerame tijambulitse, kenako anaigwira choncho m'madzi boti likuyenda pang'ono kuti madzi adutse m'makha mwake itsitsimuke, itayamba kupukusa mchira anangoitaya. Ndiwo yathunthu, makilo 30, kupita ndikuona. Ndinati kodi mwapenga? Alamu kuseka mpaka misozi. Kaputeni anafotokoza modekha kuti pa boti lake sailfish ndi marlin zonse amabweza, mnyamata akangogwira chingwe chokhuthala cha kumapeto ndiye kuti yawerengedwa kuti mwagwira, ndipo amagwiritsa mbedza zozungulira dala kuti zizikola pakona pa kamwa osati m'mimba. Akuti marlin zikuluzikulu zija ndi zazikazi, ukapha imodzi wapha mazira ambirimbiri, chaka chamawa alendo adzalipira kudzaona chani. Komanso zilumbazi ndi paki yotetezedwa kuyambira 1971. Mfundo ndinaimva, ndikaganiza momwe chambo chasowera kwathu sindingatsutse, koma mtima wa Mlomwe wa pa Mulanje unawawabe mpaka madzulo.

Anandipepesa ndi nsomba ina yomwe amalola kutenga, king mackerel, iwo amati serra, tinagwira ziwiri pobwerera, ku loji anatiwotchera ndi ndimu ndi piripiri, yonona bwino, minga yochepa. Nsima panalibe, zinandikhudza.

Dandaulo lachiwiri ndi bilu. Mtengo womwe anatumizira alamu pa WhatsApp sunaphatikize mafuta onse a boti ndi ndalama yolowera mu paki, zinatulukira kumapeto, kuwonjezanso kangachepe ka anyamata aja komwe n'koyenera ndithu chifukwa amagwira ntchito. Sindikuti anaba ayi, koma funsani zonse zilembedwe musanatumize dipoziti, mufunsenso kuti mphepo ikakana kutuluka akubwezerani kapena akusinthirani tsiku. Chakudya cha pa boti ndi masangweji ndi zakumwa zozizira basi, wozolowera mkute adyeretu.

Pa nyenyezi zisanu ndikuwapatsa zinayi, imodzi ndachotsa chifukwa cha mapilitsi ndi mafuta aja. Alamu anabwererako mu Novembala ine ntchito itayamba kuchuluka, tchuthi anandikaniza. Ananditumizira vidiyo atamangidwa pa mpando wachitsulo kumbuyo kwa boti, thukuta kamukamu, nyambo yake tuna yamoyo yaikulu kuposa chambo chilichonse chomwe ndinadyapo, marlin ikudumpha patali ngati ng'ombe yoponyedwa m'mwamba. Analimbana nayo maola awiri kenako chingwe chinaduka, pa vidiyopo akumveka akutukwana mu Chizulu. Cooler box ya neba ndinabweza ili ndi mchere wake womwe, mpaka lero akandiona amafunsa ngati nsomba ija yauma.