Gundam Wing kapena Gundam 00, muyambe ndi iti?

Mwezi uno anthu atatu andifunsa funso limodzimodzi, ndiye ndaona kuti ndingoyankha kamodzi. Onse akufuna kuyamba kuonera Gundam, makatuni a ku Japan a zimaloboti zankhondo aja, ndipo amva mayina awiri: Wing ndi 00. Ndiyiwulula nkhani yake pang'ono, ndiye amene safuna kuuzidwa asiyire pompano.

Ziwirizi zinapangidwa ndi kampani ya Sunrise, ndipo poyamba zimaoneka ngati mapasa. Wing inatuluka mu 1995, ili ndi magawo 49, anyamata asanu atumizidwa ku dziko lapansi kuchokera m'midzi ya m'mlengalenga kuti akaphwanye gulu la OZ. 00 inatuluka mu 2007, magawo 50 m'masizoni awiri, anyamata anayi a gulu la Celestial Being alengeza kuti aliyense woyambitsa nkhondo adzamenyedwa ndi iwo mpaka nkhondo itatheratu. Konseko ndi anyamata okhala ndi chida choposa cha aliyense, okakamiza mtendere ndi mfuti. Kufanana kumathera pomwepo.

Ine ndinayamba ndi Wing, ndipo ndili nayo kukhosi. Ndinkatsitsa gawo limodzilimodzi ndi bandulo yogula ndekha. Nkhani itafika pokoma, ndinatsitsa gawo 27, n'kupeza kuti akungobwereza zithunzi za magawo amene ndinaonera kale. Ndinati basi, zimachitika. Gawo 28, chimodzimodzi! Magawo awiri otsatizana opanda chatsopano, bandulo itapita. Chimene chinandiwawa kwambiri ndinachidziwa pambuyo pake: mbiri ya anyamata asanuwo, kumene anachokera ndi chimene chinawaumitsa mitima, sinalowe bwinobwino m'makatuniwo. Inakatuluka m'buku la zithunzi la Episode Zero, ina n'kuonekera pang'ono m'makatuni otsatira a Endless Waltz a mu 1997. Ndiye munthu umaonera magawo 49 ukudabwa kuti Heero Yuy, mmodzi wa asanuwo, amang'ambiranji kalata yomuitanira kuphwando la mtsikana wina, Relena, n'kumuuza kuti amupha, mnzake Trowa sayankhuliranji, Wufei wakwiyira ndani. Yankho lake ulipirenso kwina. Wogulitsa amene amakupatsa njinga n'kukuuza kuti tcheni chake ukagule pa sitolo ina sunganene kuti wakuchitira chilungamo.

Pa zojambula palibe mpikisano. Wing ndi ya m'nthawi yake, imabwereza kuphulika kumodzimodzi kambirimbiri, pamene 00 ndi Gundam ya pa TV yoyamba kupangidwa mu HD ndipo mpaka lero imaoneka bwino. Pa nyimbo zoyambira Wing ndimaipatsa ulemu wake.

Koma chimene ndimayezera ziwirizi ndi china: kodi nkhaniyo ikuvomera kuti mtendere wokakamiza uli ndi amene amaulipira?

Wing imayankha ndi pakamwa. Treize Khushrenada, mtsogoleri wa OZ, amayankhula za ulemu wa msilikali, Relena Peacecraft amalalikira kuti mayiko onse ataye zida, msilikali Zechs amasintha mbali ngati malaya, ndipo zonsezi zimachitikira m'nyumba zachifumu pakati pa anthu ovala zagolide. Munthu wamba sumuona kwenikweni. Ndisanamizire, muli malo awiri amene Wing imaluma. Gawo 7 Treize amapusitsa Heero kuti aphulitse ndege yonyamula Marshal Noventa ndi akuluakulu ena amene amafuna kukambirana za mtendere, ndipo pambuyo pake Heero amayendera abale a malemuwo, kuwapatsa mfuti kuti amuweruze. Enanso ndi nkhani ya ma Mobile Doll, maloboti omenya nkhondo mulibe munthu, imene mu 1995 inkaoneka ngati nthano koma lero ndege zopanda woyendetsa zikupha anthu zenizeni. Kupatula apo, mabungwe amangosinthana: OZ, Romefeller, White Fang, mpaka umasiya kudziwa amene akumenyana ndi ndani komanso chifukwa chake.

00 imayankha ndi anthu. Nkhani yake ili m'chaka cha 2307 pa kalendala yathu yomweyi, pa mapu omwewa. Mafuta atha ntchito, mphamvu ya dzuwa ikutsika kudzera pa nsanja zitatu zofika kumwamba, ndipo nsanja iliyonse ili m'manja mwa gulu lake: Union, AEU ndi Human Reform League. Mayiko amene alibe gawo pa nsanjazo, monga Azadistan wa Marina Ismail, atsala mu umphawi. Gawo lachiwiri lomwe, ma Gundam amalowerera nkhondo ya ku Sri Lanka pakati pa Asinhala ndi Atamil, nkhondo imene mu 2007 inali ikumenyedwadi. Setsuna, mmodzi wa anyamata anayi aja, anali mwana wogwiritsidwa ntchito pa nkhondo m'dziko la Krugis, ndipo mtsogoleri wa zigawenga Ali al-Saachez anamusokoneza mutu mpaka anapha makolo ake. Mnzake Lockon wa ku Ireland anataya banja lake pa bomba la zigawenga za gulu lomwe Setsuna analimo. Awiriwa amadyera pamodzi, ndipo tsiku limene zimenezi zimaululika Lockon amamuloza mfuti mnzakeyo.

Komabe amene anandigwira mtima si oyendetsa ma Gundam. Ndi Saji Crossroad ndi Louise Halevy, ana asukulu awiri amene kwa magawo ambiri amangokhala pachibwenzi, kuonera nkhondoyo pa TV ngati ifeyo. Poyamba ndinkadabwa kuti akutayiranji nthawi pa iwo. Kenako Nena Trinity, woyendetsa Gundam amene amati nayenso akuthetsa nkhondo, akudutsa pamwamba pa ukwati ku Spain, waona anthu akusangalala, zamunyansa, wawombera. Banja lonse la Louise linathera pomwepo, iye n'kuduka dzanja lamanzere. Saji akubwera kuchipatala ndi mphete zimene anazigwirira ganyu, ndipo Louise akumuonetsa kuti dzanja lovala mphetelo palibe. Ndinaimitsa kanema, n'kukhala kaye chete. M'magawo onse a Wing palibe chimene chinandichititsa zimenezo.

00 nayo ili ndi ngongole yake, ndipo sindiyibisa. Sizoni yachiwiri imayamba bwino: dziko lagwirizana monga Celestial Being inkafunira, koma mgwirizanowo wabala A-Laws, asilikali opondereza anthu m'dzina la mtendere womwewo. Pamenepo panali nkhani. Koma olemba anasankha kuika mlandu wonse pa munthu mmodzi, Ribbons Almark, msilikali wa Union Graham Aker n'kuvala chigoba kukhala Mr. Bushido, ndipo funso lovuta lija linasanduka kungofuna woipa woti aphedwe. Filimu ya 2010 inabweretsa zamoyo zachitsulo zochokera kumaiko a m'mlengalenga. Ena amaikonda. Ine ndinaona kuti yathawa mlandu umene inauyambitsa yokha.

Ndiye anzanga atatu inu, tengani 00, magawo 25 oyambirira, muonere motsatana osadumpha a Saji ndi Louise. Sizoni yachiwiri pitirizani ngati mukufuna kudziwa mathero awo. Wing idzabwere pambuyo, ndipo mukafika pa 26 mudumphire pa 29.