Canon 7D Mark II ya sekondi handi: kamera ilibe mlandu, koma bambo wa shopu uja anandiyenda njomba

Anzanga ojambula zithunzi za nyuzi, makamaka amene mumagula zipangizo kwa anthu oitanitsa katundu kunjawa, werengani kaye izi musanapereke ndalama. Ine ndinatenga Canon 7D Mark II pa shopu ina ku Limbe, bodi yokha, lenzi ndinali nayo kale 70-200 yanga ija. Za mtengo nonse mukudziwa mmene zinthu zilili chigwetsereni kwacha ndi 44% mu Novembala 2023, yatsopano ife ongolipidwa pa chithunzi sitingaikwanitse nde timangothamangira zomwezi zogwira kale ntchito.

Bambo wake ndi wa pakamwa pokoma, "bwana iyi ndi yatsopano kungoti bokosi linasowa, mwini wake anali mayi wina ku UK amangojambulira ana ake." Anandipatsa chaja ndi mabatire awiri akuti onse ndi orijino, lachiwirilo ndinalipira padera. Nditayatsa pa kauntala pomwepo kamera inalemba uthenga wofunsa ngati batirelo lili ndi chizindikiro cha Canon, ndinamuonetsa, iye nkuti aaa zonse zimatero bwana ingodinani OK. Bodza lenileni. Imafunsa choncho ikaona kuti sikumvana bwino ndi batire, ndipo munthu amene amagulitsa makamera tsiku ndi tsiku sanganene kuti sakudziwa zimenezo.

Zinadzandionekera pa Kamuzu Stadium, gemu ya ligi, mkonzi wa zamasewero atandiuziratu kuti tsamba lakumbuyo akudikira chithunzi changa. Mabatire onse awiri ndinatchaja usiku magetsi atangoyaka, pa sikirini akuonetsa odzadza. Ndakhala pa kampando kanga kuseri kwa golo, ndajambula pang'ono chabe osewera akulowa ndi makaputeni akupatsana moni, kenako chigawo choyamba chili mkati oimbira analoza penate mbali yomwe ndinali ineyo. Wojambula aliyense akudziwa kuti mwayi ngati umenewu subwera kawiri, womenya ali moyang'anizana nawe nkhope yonse ikuoneka, goloboyi ali pambali, masapota kumbuyo aimirira. Ndaika diso, ndagwira fokasi pa nkhope, mnyamata wayamba kuthamangira mpira, ndikudina... zii. Kamera yazima. Osati kuchenjeza kaye kuti batire latsala pang'ono ayi, kuchoka pa lodzadza kufika pakufa nthawi imodzi. Ndinamva ndi makutu okha kuti chalowa, bwalo lonse phokoso, anzanga mbali zonse makamera akulira ine ndili kakasi.

Ndiye kutsegula kachitseko kapansi kuti ndisinthe, batire osatuluka. Labwinobwino ukakankha kachotsekera kaja limadumpha lokha, ili linali litatupa, lotentha, ndinachita kulitokosa ndi kiyi wa kunyumba manja akunjenjemera osewera akuvina pa kona patsogolo panga penipeni. Lachiwiri lomwe ndinalipira padera lija silinafike ndi pa hafu taimu pomwe. Chinandipulumutsa ndi mkulu wina wa nyumba ina ya nkhani amene amagwiritsa Canon 5D Mark III, anangopisa mthumba nkundiponyera batire lake la LP-E6, akuti "gwira aise udzabweza ikatha." Mwayi wake mabatire amenewa amalowerana. Koma chigoli chinali chitapita basi, ndipo gemu inatha ndi chomwecho. Mawa lake pepala linatuluka ndi chithunzi cha munthu wina, ndalama yanga ya tsikulo inapita, ndi mkonzi yemwe mpaka pano akandituma amafunsa kaye ngati kamera ili bwino. Zimenezo zimandiwawa kuposa ndalamayo.

Komabe ndisanamizire kamera, iyo payokha ndi makina. Chigawo chachiwiri kunagwa chiperoni cha ku Blantyre chija, kamvula kosaleka ndi mphepo yozizira, ena anayamba kukutira makamera mmajumbo, ine ndimangopukuta galasi la lenzi ndi kansalu nkumapitiriza, siinadandaule olo pang'ono. Ndi ya 2014 koma imawombera zithunzi 10 pa sekondi, anthu akalumphira mpira wa mutu umachita kusankha wekha pomwe mpira wakhudza chipumi. Mapointi a fokasi alipo 65 ndipo ukaika pa AI Servo, fokasi yotsatira chinthu choyenda, ikagwira wosewera siimutaya ngakhale wina adutse kutsogolo. Chinanso sensa yake ndi ya kropu 1.6, nde 200mm yanga imakoka ngati 320mm, kuchokera kuseri kwa golo ndimafika pakati pa bwalo popanda kugula lenzi ya mamiliyoni. Ili ndi malo a makadi awiri, RAW (zithunzi zazikulu zosakonza) ndimaika pa kadi ya CF, JPEG (zazing'ono zotumiza) pa ya SD, ikangotha gemu ndimasolola SD kuika mu kadi rida ya pa foni nkutumiza pa WhatsApp ngati document kuti chithunzi chisaphwanyike. Wi-Fi ilibe, chimenecho chokha chimandisowetsa mtendere dedilaini ikayandikira. Mmalo a mdima ngati mmakonde a khoti kapena misonkhano ya atolankhani ya mmahotela ISO, yomwe imathandiza kamera kuona mu mdima, ikakwera kwambiri zithunzi zimachita timchenga, ndipo kulemera kwake ukayenda nayo pa zionetsero tsiku lonse khosi limadziwa.

Nditabwerera ku shopu ndi mabatire ake bambo uja anasintha nkhope, ubwana wonse uja unatha. Akuti ndinatchajira pa magetsi osakhazikika, akuti katundu wamagetsi sabwezedwa, mpaka kundifunsa ngati ndimadziwa kugwiritsa ntchito kamera, ine amene ndimadyera yomweyi. Pa lisiti analemba "camera + accessories" basi, mawu oti orijino palibe, apa mpomwe ndinaona kuti anakonzekeratu. Kamerayo ndinaitengeranso kwa mnzanga amene ali ndi pulogalamu yowerenga shutter count (chiwerengero cha zithunzi zonse zomwe kamera yajambula) pa laputopu, poti mu menyu simuoneka. Ya mayi wojambula ana ija inapezeka kuti yayenda kuyandikira 200,000, pomwe Canon amati ndi moyo wa shata ya kamera imeneyi. Imeneyi inali ya munthu wa ntchito ngati ine ndemwe, ndipo shata ikadzafa kaya ndidzaikonzetsa kuti kuno.

Mnyamata wothandiza mu shopumo yekha ndi amene anaonetsa umunthu, ananditsatira panja nkundinong'oneza kuti achimwene pepani, mabatire aja amabwera mu katoni osalembedwa kanthu zomata amamata okha. Anandionetsanso mu menyu pa Battery info pomwe batire lenileni limaonetsa maperesenti ndi timabokosi titatu tosonyeza mphamvu yake, nde mukamagula onani pamenepo muli mu shopu momwemo, ndipo laputopu ya shutter count pitani nayo.

Kamera ndikuipatsa nyenyezi zinayi, ndikugwirabe nayo ntchito ndi batire la LP-E6N lenileni lomwe anandibweretsera msuweni wanga kuchokera ku Johannesburg. Shopu ija olo imodzi sindingaipatse, ndalama ya mabatire sanandibwezere mpaka lero ndipo nambala yanga anaibuloka.