Mauritius, Estonia kapena Spain: mwini bizinesi apite kuti?

Anzanga amene muli ndi kampani yanuyanu ndipo makasitomala anu ali kunja, nkhani iyi ndi yanu. Pali mayiko amene amapereka viza yoti munthu akakhale kwawoko chaka kapena kupitirira, kwinaku akuyendetsa bizinesi yake pa intaneti. Ine ndayang'ana mayiko atatu, ndipo onsewo akufunsa funso limodzi lomwe ife eni bizinesi limatigwetsa: kodi inuyo mumalandira zingati pamwezi?

Tsiku lomwe ndinayala masitetimenti a kubanki patebulo ndinazizidwa nkhongono. Akaunti ya kampani inkaoneka bwino ndithu, koma yanga inali mbee. Lendi ya nyumba, mafuta a galimoto, fizi ya ana, zonse ndinkangotapa ku kampani. Wolembedwa ntchito amangoonetsa kalata ya abwana ndi peyisilipi. Mwini kampani amayenera kusonyeza kuti kampaniyo ndi yake, inalembetsedwa kunja kwa dziko lomwe akupitalo, komanso kuti imamulipira iyeyo mwezi ndi mwezi.

Mauritius ndiye khomo lotsika. Premium Visa yawo inayamba mu 2020, ndi ya chaka chimodzi, mukhoza kuiwonjezera, ndipo salipiritsa kanthu. Fomu mumalemba pa intaneti muli kwanu. Amafuna muzipeza madola 1,500 pamwezi, kuphatikizapo 500 pa aliyense amene mwamutenga. Muonetsenso inshuwalansi ya zaumoyo, komwe mukafikire, ndi tikiti yobwererera. Lamulo lake ndi loti ndalama zanu zizichokera kunja. Musakalowe ntchito pachilumbapo. Nthawi yawo ili patsogolo ndi maola awiri okha poyerekeza ndi kuno, kotero kasitomala wa ku Lusaka kapena ku Johannesburg mumamupeza akadali mu ofesi. Kuchokera ku Johannesburg ndege imatenga maola pafupifupi anayi. Chenjerani ndi masiku 183: mukawadutsa, nkhani ya msonkho wa kumeneko imayamba kukukhudzani.

Estonia inayambitsa viza yake mu Ogasiti 2020, ndipo ndimaikonda chifukwa imatchula mwachindunji munthu woyendetsa kampani yake yolembetsedwa kunja. Koma mtengo wake ndi phiri: mayuro 4,500 pamwezi, ndipo muonetse kuti mwakhala mukulandira zimenezo miyezi isanu ndi umodzi yapitayo. Kwa amene amalipidwa mu kwacha, makamaka chigwereni ndalama yathu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, apa mpovuta. Vizayo ndi ya chaka basi, siikufikitsani pa chilolezo chokhazikika. Maofesi a kazembe wa Estonia mu Africa muno ndi owerengeka, ndiye ulendo wokapereka mapepala nawo ndi ndalama. Musasokonezenso ndi e-Residency, kakhadi ka pa intaneti kamene Estonia imapereka kwa anthu akunja. Ambiri amaganiza kuti akapeza kakhadi kameneko ndiye kuti aloledwa kukakhala ku Tallinn, likulu la dzikolo. Ayi ndithu, kameneko ndi kotsegulira ndi kuyendetsera kampani pa intaneti, sikakulowetsani m'dzikomo. Ndipo mu Disembala dzuwa limaoneka maola asanu ndi limodzi okha, ana ozolowera kusewera panja muwaganizire.

Spain ndi ya munthu amene akufuna kukhalitsa. Lamulo lake linatuluka kumapeto kwa 2022. Ndalama yomwe amafuna ndi kuwirikiza kawiri malipiro otsikitsitsa a dzikolo, zomwe mu 2025 zinali pafupifupi mayuro 2,760 pamwezi. Mukafunsira ku ofesi ya kazembe mumalandira chaka chimodzi. Mukafunsira muli kale m'dzikomo movomerezeka mukhoza kulandira zaka zitatu, ngakhale kuti wa pasipoti ya Malawi amayamba wapeza viza ya Schengen, yolowera m'mayiko ambiri a ku Ulaya, kuti akafike kumeneko. Mapepala ake ndi mtolo weniweni. Kampani ikhale itagwira ntchito chaka chathunthu. Inu mukhale ndi digiri kapena zaka zitatu pa ntchitoyo. Kalata ya kupolisi yosonyeza kuti mulibe mlandu idindidwe chidindo cha apostille, chotsimikizira mayiko ena kuti kalatayo ndi yeniyeni, kenako imasuliridwe m'Chisipanishi ndi womasulira wovomerezeka. Mwayi wathu ndi woti Malawi ali m'pangano la apostille, ndiye chidindocho chimapezeka kuno komwe. Chimene chimadabwitsa eni makampani ambiri n'chakuti kawirikawiri amawaona ngati odzilemba okha ntchito, ndiye amayenera kulembetsa ku Seguridad Social, thumba la boma la penshoni ndi chithandizo cha ogwira ntchito, n'kumapereka ndalama mwezi uliwonse. Chabwino chake, wodzilemba yekha amaloledwa kukhala ndi makasitomala a ku Spain, bola asapitirire 20 peresenti ya ntchito yake. Mauritius salola zoterezi.

Kunena zoona, Estonia ndaisiya. Spain imandikoka mtima chifukwa cha zaka zitatu zija, koma bizinesi yanga ikadali yaing'ono kuti isenze zolipira za mwezi ndi mwezi pamwamba pa lendi ya ku Ulaya. Ndiyamba ndi Mauritius, poti ngakhale atandikana sindiluzapo kanthu koma nthawi yolemba fomu.

Pakadali pano ndagwirizana ndi wowerengera ndalama wanga kuti pa 25 mwezi uliwonse kampani izinditumizira malipiro ofanana ku akaunti yanga, msonkho wa MRA utadulidwa kale, peyisilipi n'kusungidwa mu faelo. Mwezi uno ndi wachitatu. Ikakwana isanu ndi umodzi ndidzatumiza fomu.